Ulemu kwa ankhoswe a buluu odutsa pansi pa chitseko

M'nyumba mwanga muno mulibe chinthu chonyozeka kuposa chingwe cha buluu chimene chimatuluka kuchipinda, kudutsa pansi pa chitseko, n'kukwawa m'mphepete mwa khoma mpaka pabalaza. Alendo amapunthwapo. Tsache limachikwapula m'mawa uliwonse. Mayi a kunyumba anafunsapo ngati angayanikepo matewera. Koma ine lero ndavula chipewa, ndanjuta, ndipo ndikuwomba m'manja mwaulemu: zikomo ankhoswe, inu amene munamangitsa banja la makompyuta awiri a pakhomo pano.

Musanabwere inu, awiriwa ankakhala ngati anthu odana pa mudzi umodzi. Kompyuta yaikulu ya pabalaza inali ndi zake, laputopu yanga inali ndi zake, ndipo uthenga unkayenda pa flash. Flash ndi mwana woyendayenda. Ukamutuma kukasindikizitsa kalata m'tauni amabwerako atatola matenda, mafoda onse atasanduka ma shortcut. Kangati konse ndafika kuntchito n'kupeza kuti ndanyamula lipoti la dzana, la dzulo latsala kunyumba!

Anthu akamakupondani sadziwa kuti ndinu a m'banja lachifumu. Mtundu wanu ndi Ethernet, ndipo unabadwa mu 1973 ku Xerox PARC, mumzinda wa Palo Alto ku California. Robert Metcalfe, amene anayambitsa nzeruyi, anadzapatsidwa mphoto ya Turing ya 2022, yomwe pa za makompyuta ndi yaikulu zedi. Ine ndinakupezani pamsika, kwa mnyamata amene anakudulani pa mpukutu n'kupana mitu yanu ndi pulayala yake ndili chiimire. Ndinasuzumira m'mutu woonekera mkatiwo: timawaya 8, tamitundumitundu, tochokera m'magulu anayi opotana tiwiritiwiri ngati zingwe za tsitsi la mwana wasukulu. Kupotanako si kukongoletsa ayi, kumateteza uthenga kuti usasokonezedwe ndi magetsi ena odutsa pafupi. Mumanyamula mawu mpaka mamita 100 osapuma, ndipo chachikulu n'chakuti simudya bandulo. Zithunzi zodzaza dengu zimawoloka popanda kukanda khadi la mayunitsi ngakhale limodzi, intaneti ikhalepo kapena isakhalepo.

Makolo anu anali ndi mwambo wovutirapo. Pofuna kulumikiza makompyuta awiri popanda chida china pakati, pankafunika chingwe chopingasa, choti pakamwa pa uyu palunjike khutu la uyo. Makompyuta a masiku ano amazindikira okha n'kutembenuza mkati mwawo.

Tsiku la chinkhoswe silidzaiwalika. Ndinalowetsa mutu umodzi uku, wina uko, kunamveka kuti kwa! tinyali n'kuyamba kuphethira. Kenako zii. Ankhoswe enieni sapupuluma. Popeza panalibe rauta yogawa manambala, kompyuta iliyonse inadzipatsa yokha adiresi yoyamba ndi 169.254, monga amachitira osowa wowatchula dzina. Ndinawapatsa anga: wamkulu 192.168.1.10, wamng'ono 192.168.1.11. Ndinalemba lamulo lija lotchedwa ping, lomwe ndi odi wa makompyuta. Palibe anayankha kuti lowani. Ya pabalaza inali itaganiza kuti ili pagulu, ngati pa depoti ya basi, ndiye inatseka zitseko ndi mawindo kuti isaonedwe. Nditainyengerera kuti uyu ndi wa pakhomo pomwe pano, inafunsa pasiwedi ya akaunti imene ndinatsegula mwana wathu asanabadwe. Loweruka lathunthu linathera pamenepo, mpira sindinamvere, nsima ndinadya yozizira. Ndi mwambo uti wina umene umasunga bambo pakhomo tsiku lonse chonchi?

Kukayikira kumeneku sindikunyoza. Chilankhulo chimene makompyuta ambiri amagawanirana mafayilo chimatchedwa SMB, ndipo mu Meyi 2017 kachilombo ka WannaCry kanalowera pa khomo lakale la SMB lomweli n'kumanga makompyuta m'maiko ochuluka, mpaka zipatala zina ku Britain zinabweza odwala. Choncho kompyuta ikamafunsa mnzake wogona naye nyumba imodzi kuti kodi inu ndinu yani, ili ndi chifukwa.

Koma ulemerero wanu weniweni, ankhoswe, unaoneka nditaika pulogalamu yofananitsa mafoda, yoti chimene chasintha uku chisinthenso uko. Nzeru yake ndi yakale ndithu. Mu 1996 Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras a ku Australia anatulutsa rsync, yomwe m'malo mosenza fayilo yonse imatumiza tizigawo tokhato timene tasintha. Yanga ndi ina, koma mtima wake ndi womwewo: pakhomo pasakhale wobisa kanthu.

Tinali m'komiti ya ukwati wa mlamu wanga. Ine ndinatenga laputopu kupita nayo kuntchito ndipo pa nkhomaliro ndinatsegula bajeti n'kuchepetsa nkhuku kuchoka pa 60 kufika pa 40. Nthawi yomweyo mayi kunyumba anatsegula bajeti yomweyo pa kompyuta ya pabalaza n'kuzikweza kufika pa 80. Madzulo nditalumikiza chingwe, ndinkadikira kuti ndione amene apambane. Ha! Nkhoswe wanzeru saweruza mlandu wa m'banja mothamanga. Mabajeti onse awiri anasungidwa, imodzi itapachikidwa dzina lalitali lokhala ndi mawu oti conflict, tsiku ndi ola lomwe, kuti eni ake akambirane okha. Pofika sabata ya ukwati tinali ndi mabajeti asanu, ndipo msungichuma wa komiti anagula nkhuku potsata imene palibe aliyense wa ife ankaikumbukira.

Nanga kukhulupirika kwanu ndikusimbe bwanji? Tsiku lina mwana, pofuna malo oikapo makatuni ake, anafufuta foda ya zithunzi za ukwati uja, n'kukhuthulanso bini monga ndinamuphunzitsira ndekha. Inu simunafunse kuti watuma ndani. Simunanyoze kuti ndi mwana. Munanyamula uthengawo mwachangu chomwe chija, ndipo ndisanamalize kapu ya tiyi zithunzi zinali zitasowanso pa laputopu. Panali pokanikiza poti zofufutidwa zizisungidwa pambali, koma ndinapadumpha Loweruka lija chifukwa cha njala.

"Bambo," anatero mayi ataima pakhomo la kukhitchini ndi mthiko m'manja, "si paja munati chinthu chikakhala pawiri sichitayika?"

"Ndinatero, mayi. Ndipo onani mmene agwirizanirana awiriwa. Uku mulibe, ukonso mulibe."

Zithunzi zina tinazipeza pa flash yonyozeka ija, m'kabati, pansi pa malisiti a madzi. Sindinakuuzeni, kuopa kukuchititsani manyazi.

Pano mwakalamba, ankhoswe. Kapulasitiki kokugwirizani pa doko kanathyoka mwendo wa mlendo utakukolani, ndiye mumangosololoka mukafuna, makamaka fayilo ikafika pa 98 peresenti. Ndakutsinditsani ndi kamtengo ka machesi. Mayi akuti tigule rauta, zonse ziziyenda mumphepo, pansi pasesedwe bwino. Ndawauza kuti nkhani yochotsa nkhoswe sakambirana mwini wake akumva, ndipo kanyali kanu kobiriwira kakuphethirabe kuseri kwa tebulo.