Kandimverere wa Mabatire

Makolo athu sanam'patse ulemu Kandimverere. Anati Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo nkhani yake ndi yodziwika. Kwa mfumu kuli mlandu, mwini nkhani wagwidwa ulesi kapena mantha, ndiye watuma mnzake kuti akakhale pabwalo m'malo mwake. Mnzakeyo wapitadi, makutu ali nawo awiri abwinobwino, koma pobwera madzulo akusimba za amene anavala nsapato zatsopano, za galu amene anasokoneza bwalo ndi za nduna imene inawodzera. Chigamulo wachisiya komweko. Ena angaganize kuti mwambiwu unatha ntchito poti masiku ano Kandimverere alibenso miyendo. Amagulitsidwa pa intaneti ndi m'masitolo a zamagetsi, ndipo amabwera atavala chilichonse: cholembera, fulashi, chaja, wotchi ya pakhoma, mwinanso kabokosi kokhala ndi simu khadi kamene ukakaimbira sikalira, kamangotchera khutu. Ogula amafunsa mafunso anzeru ndithu. Batire lake limakhala maola angati? Kamasunga mawu ochuluka bwanji? Kamadziyatsa kokha munthu akayamba kulankhula? Funso lokhalo limene safunsa ndi lija makolo anayankha kalekale, loti kakabwerako kadzanena za chiyani.

Tiyambe ndi khutu lakelo. Khutu la munthu lili ndi mwini wake. Pamaliro, pamsika kapena mu minibasi, munthu amatola mawu a mmodzi pakati pa anthu makumi awiri, enawo n'kuwataya, chifukwa ubongo umapeta ngati lichero. Mayikolofoni sipeta. Imalemekeza chimene chili pafupi ndi chimene chikusokosa, ndipo sayansi siikondera: pamalo opanda zotchinga, mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu ya mawu imatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Tsono kachipangizo kobisa kayenera kubisikadi, ndiye kuti kali pansi pa mpando, kuseri kwa kabati kapena m'chikwama, kumene olankhula kwambiri ndi masipuling'i a sofa ndi zipi. Ogulitsa amanyadira kuti kamadziyatsa kokha kakamva mawu. N'zoona, kungoti sikadziwa kuti tambala si munthu. Kamadzuka naye limodzi m'bandakucha, kamajambula ulaliki wonse wa pawailesi, ndipo mvula ikayamba kumenya malata kamatumikira mokhulupirika mpaka batire litatha. Palinso masamu osakanika: maola asanu ndi atatu ojambula amafuna maola asanu ndi atatu omvetsera. Munthu amene anaopa kufunsa funso la mphindi ziwiri amachezera usiku wonse ali tcheru, akumvetsera mbale za m'nyumba mwake momwe zikutsukidwa.

Wina anena kuti zimenezi ndi za tizipangizo totchipa m'manja mwa anthu osadziwa ntchito. Koma akatswiri nawonso maluwa anawalandira, kungoti awo anali okwera mtengo. Kumapeto kwa Meyi 1972, anthu ogwirira ntchito komiti yofuna kuti pulezidenti wa America Richard Nixon asankhidwenso analowa usiku mu ofesi za chipani cha Democratic m'nyumba za Watergate ku Washington, n'kubisa tizipangizo m'mafoni awiri. Ka mufoni ya wapampando wa chipanicho, Larry O'Brien, sikanagwire ntchito. Kachiwiri kanagwira, koma Alfred Baldwin, amene anam'khazika mu hotela ya tsidya la msewu kuti azimvetsera, anakolola kwambiri nkhani za anthu zapamtima, zopanda phindu pa chisankho. Anyamatawo anabwereranso pa 17 Juni, mlonda Frank Wills anaona kuti loko wa chitseko wamatidwa ndi tepi, ndipo anthu asanu anamangidwa. Bungwe la akazitape la CIA linali litafika patali kuposa apa. M'zaka za m'ma 1960 linaganiza kuti Kandimverere wabwino ndi mphaka, poti palibe amene amatsitsa mawu mphaka akalowa. Anam'chita opaleshoni: mayikolofoni m'khutu, kotumizira mawu kumunsi kwa chigaza, waya m'ubweya. Agogo aliwonse akanawalangiza kwaulere kuti mphaka satumidwa, amapita kumene kukununkhira usipa. Victor Marchetti, yemwe anagwirapo ntchito ku CIA, anasimba kuti ntchitoyi inadya madola pafupifupi 20 miliyoni ndipo mphakayo anagundidwa ndi takisi pa ulendo wake woyamba. Robert Wallace, mkulu wina wakale wa bungweli, anatsutsa za takisiyo, nati mphakayo anam'chotsa zipangizo n'kupitiriza moyo wake. Chimene palibe akutsutsa n'chakuti mu 1967 ntchitoyi anaisiya.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi ichi: Kandimverere wakale ankaiwala, ankawonjezera mchere, mwina ankanama, pamene makina sanama. Chimene chanenedwa ndi chimene chajambulidwa. Apa Chichewa chimatithandiza, chifukwa chimasiyanitsa kumva ndi kumvetsa. Taganizani zimene kachipangizo kangatole tsiku limodzi m'nyumba wamba. Agogo aakazi akuitana mdzukulu wawo wa zaka zinayi kuti mwamuna wanga. Msuweni wafika, ndipo moni wake ndi woti mkazi wanga uli bwanji, monga mwa chisuweni. Pakhonde amuna awiri ali pa bawo, wina akulumbira kuti lero ndikudya mpaka utsale wopanda kanthu. Mayi wa panyumba ali pafoni akuti mubwere mawa iwo akachoka, ndipo akulankhula ndi mmisiri wodzapopera mankhwala a nsikidzi, amene bambo amadana ndi fungo lake. Mawu onsewa ajambulidwa molondola, palibe limene lasowa. Chasowa ndi nkhope, kutsinzinira kwa diso, mlomo wolozera, ndi mbiri ya zaka makumi awiri imene imachititsa chipongwe kukhala moni. Mipata imeneyi imadzazidwa ndi womvetsera, ndipo womvetsera sanagule kachipangizo chifukwa mtima wake unali m'malo. Anagula ali ndi chigamulo kale m'thumba. Pamenepa Kandimverere wa miyendo anali ndi ubwino wake, chifukwa unkatha kum'panikiza: ananena akuseka kapena atakwiya? Analipo ndani? Wa mabatire ukam'funsa amangobwereza zomwezo, ndi mawu omwewo, kakhumi konse, ndipo ulendo uliwonse zimamveka zoipa kuposa poyamba. Maluwa tsopano akudzalidwa ndi wotuma yemwe.

Tisabise, alipo Kandimverere amene anagwira ntchito, ndipo otsutsa ali ndi ufulu womutchula. Mu Ogasiti 1945, ana a gulu la Young Pioneers la ku Soviet Union, dzina limene akuluakulu a kuno kwathu samva ndi mtima wofatsa, anapatsa kazembe wa America ku Moscow, Averell Harriman, mphatso ya chidindo cha dziko lake chosemedwa pamtengo. Mphatso ya ana sikanidwa. Anaipachika m'nyumba ya kazembe, ku Spaso House, ndipo inakhala pakhoma mpaka 1952, nthawi ya kazembe George Kennan. M'kati mwake munali kachipangizo kopanda batire ndi kopanda waya wa magetsi, kamene kankadzuka pokhapokha anthu ali panja akakawomba ndi mafunde a wailesi. Anakapanga ndi Léon Theremin, yemwe uja anatulukira chida choimbira chosakhudza ndi manja, ndipo anakapanga ali mkaidi. Mu 1960 Henry Cabot Lodge, woimira America, anachionetsa chidindocho ku United Nations kuti dziko lonse lione. Zaka zisanu ndi ziwiri si masewera. Koma taonani amene anaima kumbuyo kwa kachipangizoko: omasulira zinenero, akatswiri odziwa mlendo aliyense wolowa m'nyumbamo, ndi boma lathunthu lotha kuyerekeza zomva ndi zimene akazitape ena abweretsa. Khutu linali lamtengo, koma opeta anali anthu. Ogulitsa pa intaneti amatumiza khutu lokha, opetawo sakhala m'katoni. Ndipo ngakhale boma likhale ndi opeta angati, kumva zonse sikutanthauza kudziwa chochita. Apolisi achinsinsi a ku East Germany, a Stasi, anali ndi antchito pafupifupi 91,000 mu 1989, osawerengera azondi a m'midzi ndi m'maofesi. Mafayilo amene anasiya, kuwandanda, amafika makilomita 111, pafupifupi mtunda wochoka ku Lilongwe kukafika ku Mchinji. Khoma la Berlin linagwabe pa 9 Novembala chaka chomwecho.

Chotsutsa china ndi chachifundo, ndipo sindichiseka. Nanga munthu wopanda mphamvu, amene akupemphedwa ziphuphu kapena akuopsezedwa m'chipinda chopanda mboni, achite chiyani? Mawu ojambulidwa apulumutsapo anthu otere, amene pakamwa pawo pokha palibe akanawakhulupirira. Koma munthu ameneyu sanatume Kandimverere. Wapita yekha, wakhala pampando, waona nkhope, ndipo angathe kuima m'khoti n'kufotokoza chimene chinanenedwa asanayatse ndi atazimitsa. Malamulo a mayiko ambiri amaona kusiyana kumeneku. Ku America lamulo la dziko lonse limalola munthu kujambula zokambirana zimene iye mwini alimo, ngakhale zigawo zina monga California zimafuna kuti onse avomere, koma kubisa kachipangizo pakati pa anthu ena iwe kulibe ndi mlandu. Kuno ku Malawi, gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo zimene akulankhulana ndi anzake pafoni ndi m'makalata. Onjezani vuto la masiku ano loti kompyuta ikutha kutsanzira mawu a munthu. Mawu akangotayikira pa WhatsApp, mwini wake ali ndi yankho lokonzeka loti si ine, ndipo amene angam'tsutse ndi munthu amene analipo, osati cholembera chimene chinali m'thumba la jekete.

Pali mbali ina ya khalidwe la Kandimverere imene makolo sanaitchule, mwina poti wa nthawi yawo anali ndi manyazi. Wa mabatire sadziwa amene anam'tuma. Nixon yemwe uja, mu Febuluwale 1971, analamula kuti mu ofesi yake ku White House abisemo zojambulira mawu, mamayikolofoni asanu m'desiki ndi ena awiri pafupi ndi pamoto. Anasankha zodziyatsa zokha zija ogulitsa amanyadira, choncho panalibe batani loti akumbukire kuzimitsa. Ankafuna kuti alendo ake asadzakane zimene ananena, ndiponso kuti adzalembe bwino mbiri yake. Makinawo, pamodzi ndi ena obisidwa m'zipinda zina, anasonkhanitsa maola pafupifupi 3,700, ndipo munthu amene analankhulamo kwambiri anali mwini ofesi. Pa 16 Julayi 1973, Alexander Butterfield, mmodzi mwa anthu ochepa odziwa za makinawa, anaulula pamaso pa komiti ya Senate kuti alipo. Nixon anakakamira matepi ake chaka chathunthu, mpaka pa 24 Julayi 1974 khoti lalikulu linagamula, oweruza asanu ndi atatu onse mogwirizana, kuti awapereke. Tepi ya pa 23 Juni 1972 inamveka pulezidenti akuvomereza kuti CIA iuzidwe kuimitsa kafukufuku wa FBI pa nkhani ya Watergate. Pa 9 Ogasiti 1974 anatula pansi udindo. Anyamata amene anatumidwa ku chipani chotsutsa anabwera ndi maluwa, koma Kandimverere wa m'desiki mwake anabwera ndi mlandu wonse, tsiku ndi ola lomwe.

Malo amodzi okha ndi amene Kandimverere ameneyu anatseka pakamwa. Pa tepi ya pa 20 Juni 1972, patangopita masiku atatu anthu asanu aja atamangidwa, pali mphindi 18 ndi theka zongomveka phokoso. Mlembi wa Nixon, Rose Mary Woods, anati mwina anafufuta mphindi zingapo mwangozi poyankha foni phazi lili pa chopondera cha makina, ndipo anaonetsa atolankhani mmene anadzitambasulira, dzanja uku phazi uko, ngati munthu wothyola mango ataima pa njinga. Akatswiri amene khoti linasankha anapeza kuti tepiyo inafufutidwa maulendo osachepera asanu. Mpaka lero ikusungidwa mosamala ku National Archives, m'chipinda choyezedwa kutentha ndi chinyezi, podikira kuti mwina kudzabwera makina ena amene adzawatume kukamvera zimene zinanenedwa mmenemo.