Abwana Apuma, Koma Ubwana Wakana Kupuma

Lamulo limati wogwira ntchito m'boma akakwanitsa zaka 60 azipita kukapuma. Chimene silinena n'choti munthuyo azichita chiyani kuyambira m'mamawa mpaka nkhuku zitalowa m'khola. Ku Salima mayankho ake amaoneka ndi maso, makamaka mumsewu wochokera pa Kamuzu Road kupita ku Senga Bay.

Mu Okutobala, pamene ngakhale galu sachoka pamthunzi, abwana amene anakalambira ku Capital Hill amamanga tayi, kuvala jekete, n'kukwera kabaza ulendo wa pa boma. Kulibe wawaitana. Amagula nyuzi, kuiwerenga mpaka mauthenga a maliro, kenako n'kukakhala pa bawo. Pamenepo ndiye pali boma lenileni. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense pabawopo anali ndi umboni wakuti iye akanakhala adakali mu ofesi zimenezi sizikanachitika. Wogulitsa mtedza anamvetsera zonse mwaulemu, koma ngongole anakaniza.

Ena bawo amaiona ngati ulesi. Ndalama za penshoni zikangotuluka, mlamu wawo amatulukiranso ndi nzeru: usipa ndi ndalama, gulani boti, injini ndi chilimira. Abwana sadziwa kusambira, ndipo mwera ndi mpoto kwa iwo zonse ndi mphepo basi, komabe amagula. M'bandakucha ali kale padoko ndi kope ndi cholembera, kudikira alovi. Alovi amafika nkhope zili zachisoni. "Lero nyanja yakana, bwana." Mawa lake akuti mwezi wawala kwambiri, usipa sunabwere ku nyali. Zimenezi n'zoona ndithu, mwezi ukakhwima usipa umavuta, kungoti m'boti la abwana mwezi umawala masabata anayi osapumira. Nsomba zinagulitsidwa kale padoko lina, ndipo anthu onse pagombepo akudziwa, kupatula mwini kope. Petulo yekha ndiye salephera, amafunika tsiku lililonse.

Juni akafika mwera umawatsekera kumtunda. Dzinja likafika, akati atumize boti ku chilumba cha Mbenje, amamva kuti kumeneko a Senior Chief Makanjira amatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo kalata ya munthu amene kale anali bwana siitsegula chilumba. Pakutha pa chaka injini ili pakhonde, nkhuku zikuikira m'boti.

Ambiri amakathera m'makomiti. Ya tchalitchi, ya sukulu, ya mjigo, ya chitetezo cha m'mudzi, onsewo wapampando ndi mmodzi. Pamaliro akapatsidwa mpata woti anene mawu awiri, adzukulu amakhala pansi n'kuyamba kusenda chinangwa, chifukwa mbiri ya malemu iyambira pa chaka chimene abwanawo anakwezedwa pantchito.

Tisawanyoze kwambiri, pakuti apa ndi pamene ena apezadi chochita. Amene anali akauntanti akagwira kope la banki m'khonde, ndalama za amayi ogulitsa nsomba zimasiya kusowa. Mphunzitsi wopuma akasonkhanitsa ana a Sitandade 8 pansi pa mtengo wa mango, makolo amaona kusintha. Mlangizi wakale akalowa m'munda wa mpunga cha ku Lifuwu, matope amamuvula jekete popanda womuuza. Vuto lawo ndi laling'ono: msonkhano wa anthu asanu wokambirana za chingwe cha belu la tchalitchi amafuna ukhale ndi ajenda, maminitsi, ndipo pomaliza amafunsa monong'ona ngati pali kaalawansi.

Amene amayamikira makomitiwa kuposa wina aliyense ndi mayi a kunyumba. Tsiku lopanda msonkhano abwana amalowa m'khitchini ndi kope lija la padoko, n'kuyamba kufunsa kuti mchere wogulidwa Lolemba watha bwanji.