Ulemu kwa Agogo Chitsekero

Vinyo wofiira wa zaka 40 akatsegulidwa, ulemu wonse umapita kwa ena. Anthu amatamanda dothi la m'munda, amatamanda dzuwa la chaka chimenecho, ena mpaka amatamanda mphuno zawo zomwe. Palibe wokumbuka nkhalamba imene yakhala pakhosi pa botolo zaka zonsezo osapitako kutchuthi. Ndiye ife mawetala a kuno ku Stellenbosch, amene timalimbana nayo madzulo alionse, tiilankhulireko. Agogo Chitsekero, landirani ulemu wanu, ngakhale mumatiyalutsa pamaso pa alendo.

Agogowa si munthu wamba. Kwawo ndi ku khungwa la mtengo wina wa oak umene umamera kwambiri ku Portugal, dziko lotulutsa pafupifupi theka la khungwa lotere padziko lonse. Mtengowo sausenda usanafike zaka 25. Akausenda amaudikira zaka 9 kuti uvalenso, ndipo pathunthu amalembapo nambala ndi penti kuopa kuiwala chaka. Khungwa loyamba ndi lachiwiri limakhala lokhakhala, limathera ku zoyala pansi. Loyenera kutseka vinyo ndi lachitatu. Apa mtengo wadutsa kale zaka 40. Onjezani zina 40 za m'botolo. Ndiye mwana wadzulodzuloli, atanyamula kachitsulo kopotana, akufuna kuti agogo adzuke msangamsanga chifukwa nyama ikuzizira patebulo? Mwano umenewo.

Mwambo wake umayamba kusanache. Botolo lomwe lakhala chigonere kuti chitsekero chisaume timaliimika tsiku limodzi kapena awiri, nsenga zitsikire pansi. Pofika nalo patebulo timayenda monyang'ama. Tikadula chokutira pakamwa timapeza nkhungu yakuda, timapukuta ndi kansalu, mlendo n'kumwetulira poganiza kuti ndiye umboni wa ukalamba. Kenako kachitsulo kamalowa. Kakalowa molimbalimba, zinthu zili bwino. Koma kakangolowa fwaa, kopanda chokagwira, wetala aliyense mtima umati myuu. Ukakoka, theka latuluka, theka latsala mkati likukuyang'ana. Bwana uja amafotokoza mokweza za mabizinesi ake wangoti zii. Umatenga chotsegulira cha mano awiri, chija timalowetsa m'mbali pakati pa chitsekero ndi galasi, n'kumagwedeza pang'onopang'ono, kupuma utasiya. Agogo amaganiza kaye. Atha kutuluka. Atha kufumbutuka. Tsiku limene akondwa kwambiri amangoti chubwi m'vinyo momwemo, n'kumayandama mwamtendere. Zikatero ndi ntchito ya sefa, kansalu koyera ndi kandulo pansi pa khosi la botolo, kutsanula mosamala mpaka nsenga zitaonekera.

Chimene ndimawakondera agogowa n'chakuti saopa chikwama cha munthu. Mu 1985, pa okushoni ya Christie's ku London, Christopher Forbes adagula botolo la Lafite lolembedwa chaka cha 1787 pa mtengo wa £105,000, poti ankati lidali la Thomas Jefferson, pulezidenti wachitatu wa America. Adakaliika poonekera ku New York, magetsi akuliwalira, kuti anthu azidzaona. Agogo sadagwirizane nako kutenthako. Adafota, n'kugwera mkati. Patapita zaka akatswiri ambiri adafika pokayikira ngati mabotolo a Jefferson amenewo adali enieni n'komwe, koma agogo adali atapereka kale chigamulo chawo popanda loya.

Maiko ena amadziwa kulemekeza akulu. Ku Portugal komweko, botolo lakale la vinyo wa port salivutitsa ndi kachitsulo. Amatenga chopanira chachitsulo, kuchiika pamoto mpaka chifiire, kupana nacho khosi la botolo, kenako n'kupaka madzi ozizira, galasi n'kuduka lokha, agogo ali phee m'malo mwawo. Ku Australia, kampani ya Penfolds idayamba mu 1991 kumachititsa kiliniki, anthu n'kumabwera ndi mabotolo a zaka 15 kupita m'tsogolo kuti awayeze ndi kuwasintha zitsekero. Botolo kupita kusikelo! Ndipo limaonedwa ndi katswiri tsiku lomwelo, osauzidwa kuti bwerani Lolemba.

Nthawi zina agogo amatuluka athunthu, osalala, koma atasiya kamphatso. Pali kamankhwala kena kotchedwa TCA kamene kamabisala m'khungwa, ndipo kadontho kosaoneka ndi maso kamakwana kununkhitsa botolo lonse katoni yonyowa. Apa ndiye pamakoma. Vinyo wakale wabwino amasiya kufiira kwa magazi n'kutenga mtundu wa njerwa m'mphepete mwa galasi, ukali wake wokwinyitsa m'kamwa umatha, ndipo fungo la zipatso limasanduka la chikopa, bowa, fodya ndi masamba ogwa. Fungoli ndi lenileni, ndipo likapezeka limafewetsa ngakhale ife otopa ndi kuimirira. Koma munthu amene walipira ndalama ya lendi ya miyezi itatu savomera msanga kuti wagula katoni. Amazunguza galasi, amalowetsa mphuno, amatsinzina, n'kunena kuti, "Wakhwima bwino ameneyu." Anzake onse mitu gwedegwede. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera, koma alendo athu adaonjeza okha kuti chilichonse chogonera chimakoma.

Pano mundilole ndivule kaye chipewa cha ulemu. Chitsekero chikaduka, wolakwa ndi wetala. Si amene adasunga botolo pafupi ndi chitofu, si amene adaliyendetsa m'buti ya galimoto dzuwa la Januwale likuswa mtengo. Ndi iwe, wa manja awiri ndi malipiro ochepa. Kangachepe kaja ka patebulo kamauluka, bwana wa lesitilanti amakuitanira kumbuyo, ndipo vinyo wokalamba sadikira: pakatha theka la ola chitsegulireni, wina amakhala atayamba kale kuzilala, mlendo akadali mkati mokudzudzula. Ndipo ndikamayang'ana chidutswa chokakamira pakhosicho ndimakumbuka akuluakulu ena a m'maofesi. Adalowa kalekale ali olimba. Lero afumbutuka, sakutsekanso kanthu, mpweya ukungolowa, koma yesani kuwachotsa: theka lituluka, theka litsala, ndipo mukakankha kwambiri agwera mkati n'kuipitsa zonse. Sindikutchula munthu. Aliyense ali ndi wake amene wamuganizira.

Ndisaiwale a neba anga, amene ndi mlembi wamkulu wa mpingo wa agogowa. Adalandira botolo la vinyo wa pa sitolo pa ukwati wa mwana wawo, ndipo mdzukulu wobadwa m'banjalo ali kusekondale. Botololo lili chilili pamwamba pa kabati, pansi pa malata, pafupi ndi wailesi. Vinyo wosunga amafuna mdima, kugona chammbali ndi kuzizira kwa madigiri 12 kapena 13, ndiponso vinyo wochuluka amapangidwa kuti amwedwe pa zaka zochepa chabe. Ndidawauzapo zimenezi. Adandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Achimwene, inu mumangoperekera, ife timasunga." Vinyoyo watsika kale kufika m'mapewa a botolo, iwo akuti akukhuthala. Adamva kuti botolo la Romanée-Conti la 1945 lidagulidwa $558,000 ku New York mu 2018, ndipo kuyambira pamenepo kabatiyo amaipukuta okha.

Achinyamata a masiku ano akuti tisiye zonsezi, tizitseka ndi chivindikiro chopotokola chija alimi a ku Clare Valley ku Australia ndi ku New Zealand adachikonda kuyambira cha m'ma 2000. N'zoona, sichifumbutuka, sichibweretsa katoni, ndipo wetala amagona tulo. Koma chimatseguka chimodzimodzi kwa aliyense, mwakachetechete, osachititsa bwana aliyense thukuta. Kodi tebulo la olemera lidzakhalanso chete liti?

Tsono inu amene mudzaitanitse vinyo wamkulu kuposa wetala wokutsegulirani, mukadzaona tizidutswa tikuyandama m'galasi musadzaitane manijala. Tizidutswato sitipha munthu. Tengani supuni, vuulani, imwani msanga asanazilale, ndipo kangachepe ka mnyamatayo musakabweze m'thumba.