Mitengo iwiri ya mmisiri

Mmisiri amene anandikhomera malata chaka chatha anali ndi mitengo iwiri: wa lisiti ndi wa pamanja. "Bwana, za malisiti n'za ku Msonkho House," anatero akumwetulira, "ife tingomvana." Ine, mkulu wa mpingo wosatopa kudandaula za maenje a m'misewu ndi kusowa kwa mankhwala m'zipatala, ndinasankha wa pamanja osaphethira, kuzemba a MRA ngati apongozi panjira.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, denga linadontha pabedi penipeni. Ndinamuimbira foni.

"Pepani bambo, ndinu ndani kodi?"

Ndinapisa m'matumba monse kufuna umboni woti tinaonanapo, ndipo ndinangopeza msomali umodzi wopindika. Pano ine ndi mayi a kunyumba timagona beseni lili pakati.