Mizere Iwiri Imene Inandisokeretsa

M'mimba mwanga munkaotcha m'bandakucha, pansi pa nthiti pomwepa, ndipo ndikamwa phala munkaleka pang'ono n'kuyambiranso masana. Ife atelala timadya mochedwa, choncho anzanga a pamsika ankangoti ndi zilonda za m'mimba zobwera ndi njala, tsabola ndi nkhawa. Ndi mmene tinakulira tikumvera. Ngakhale madokotala ankakhulupirira zofanana ndi zimenezi mpaka 1982, pamene Robin Warren ndi Barry Marshall a ku Perth, ku Australia, anapeza bakiteriya wokhala m'chifu amene lero amatchedwa Helicobacter pylori. Marshall anachita kumwa dala tizilomboto mu 1984 kuti anzake amukhulupirire. Ine nditamva kuti vuto langa lingakhale tizilombo tophedwa ndi mankhwala, mtima unakhala pansi.

Pa kiliniki ina yolipira anandibaya chala monga amachitira poyeza malungo, n'kudonthezera magaziwo pa kapulasitiki. Mizere inatuluka iwiri. Anandipatsa omeprazole, amoxicillin ndi clarithromycin, mankhwala a masiku 14, ndipo ndinamwa onse osadumphitsa. Koma kuotcha kuja sikunathe.

Apa ndi pamene ndinayamba kudziyendetsa ndekha. Ndinabwerera ku labu osadzera kwa dokotala, ndinalipira, n'kupempha kuti andiyezenso magazi. Mizere iwirinso. Usiku womwewo ndinawerenga pa foni kuti mu 1994 nthambi yoona za khansa ya bungwe la World Health Organization inaika bakiteriyayu m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo tulo tinandithawa. Kutacha ndinapita ku famase kukagula mankhwala omwe aja, n'kuwonjezerapo Flagyl chifukwa mnzanga wina anati ndiye wamphamvu. Ndalama zake ndinatapa pa fizi ya mwana, mayi a kunyumba osadziwa.

Zimene zinatsatira sindifunira munthu. M'kamwa munkawawa tsiku lonse, nseru osatha, ndipo ndinatsegula m'mimba moti sindinkatha kukhala pa makina. Inali nyengo yotsegulira sukulu. Mayunifolomu a ana a eni anangounjikana pa tebulo, makolo ena anatenga nsalu zawo n'kupita kwa telala wina, ndipo sindingawadandaule. Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti ndinakokeramo achimwene anga aakulu a ku Mulanje. Iwo anamwa mankhwala a matendawa chaka chathachi ndipo anali bwinobwino. Ine ndinawaopseza pa foni kuti akayezetsenso magazi. Atapeza mizere iwiri, ndinawatumizira ndalama za mankhwala.

Nditangomaliza makapusozi anga, ndinamva kuti pali njira ina yoyeza chimbudzi. Ndinapereka, ndikumwabe omeprazole m'mawa uliwonse, ndipo pepala linati mulibe kanthu. Tsopano ndinali ndi mapepala otsutsana, m'mimba mukuotchabe. Ndinawatenga onse kupita nawo ku chipatala cha boma, komwe ndinakumana ndi mayi wina wachikulire, dokotala woleza mtima, amene anawayala pa tebulo n'kundifunsa tsiku limene ndinamwa piritsi lomaliza.

“Bambo, mapepala onsewa sakutiuza zimene mukufuna kudziwa,” anatero. Anandifotokozera kuti poyeza magazi safufuza bakiteriya weniweniyo, amafufuza zimene chitetezo cha m'thupi chinapanga pomenyana naye, ndipo zimenezo zimatsala m'magazi kwa miyezi yambiri, nthawi zina zaka, bakiteriyayo atafa kale. “Zili ngati phulusa la pa mafuwa. Limasonyeza kuti panayakapo moto, koma silinena ngati ukuyakabe.” Choncho munthu amene anamwa kale mankhwala sayezedwa magazi pofuna kudziwa ngati wachira.

Ndinakankhira patsogolo pepala la chimbudzi, poganiza kuti limenelo ndiye londipulumutsa. Anapukusa mutu. Kuyeza chimbudzi kumafufuzadi tizidutswa ta bakiteriya amene ali m'mimba pa nthawiyo, ndipo n'kodalirika, monganso kuyeza mpweya wopuma, kumene munthu amamwa urea ndipo bakiteriyayo akamuphwanya zimaonekera mu mpweya umene akutulutsa. Koma njira zonse ziwirizi zimanama zikachitidwa pa nthawi yolakwika. Omeprazole ndi maantibayotiki amachepetsa tizilomboto kwambiri moti totsalato sitioneka, ngakhale tili moyo ndipo tidzachulukananso. Pafunika kudutsa masabata anayi munthu atamaliza maantibayotiki, ndi masabata awiri atasiya omeprazole. Ine ndinali ndisanadikire n'limodzi lomwe.

Anandipatsa magnesium trisilicate woti ndizitonthozera m'mimba podikira, chifukwa ameneyo sasokoneza zotsatira. Anandichenjezanso kuti ndikaona chimbudzi chakuda bii, ndikasanza magazi, kapena ndikayamba kuwonda, ndisadikire tsikulo, ndibwere msanga kuti akandiunike m'chifu ndi kapaipi ka kamera. Ndikuimirira kuti ndizipita, ndinagwira msana monga ndimachitira nthawi zonse, ndipo iwo anaona.

“Msanawo mumamwera chiyani?”

Ndinawauza kuti Indocid, nthawi zina Brufen, wogula pa golosale, kawirikawiri ndisanadye kanthu. Pa ulendo wonsewu palibe amene anandifunsa zimenezi, ndipo ine sindinaganizepo zozitchula, chifukwa kwa ine amenewo anali mankhwala a msana. Anandiuza kuti mankhwala a mtundu umenewu amafooketsa chotchinga chimene chimateteza khoma la chifu ku asidi, ndipo paokha amayambitsa zilonda ngakhale mulibe bakiteriya. Anandiletsa pomwepo, n'kundilembera Panado.

Nthawi itakwana ndinaperekanso chimbudzi, ndipo munalibe kanthu. Kuotcha kunali kutachepa kale nditangosiya Indocid. N'kutheka kuti mankhwala oyamba aja anali atagwira ntchito, ndipo achiwiriwo ndinangovutitsa nawo matumbo anga, komanso kuzoloweretsa tizilombo tina m'thupi mankhwala amene ndingadzawafune tsiku lina.

Mayi a kunyumba ndinawaululira za fizi, ndipo ndikubweza pang'onopang'ono. Achimwene ndinawaimbira mochedwa, atamaliza kale mapiritsi onse ndiponso atadwala nawo sabata yathunthu m'nyengo yopalira. Sanandikalipire, anangofunsa kuti nanga tsopano achite chiyani. Ndawauza kuti asabayitsenso chala pa nkhaniyi, adikire masabata anayi, ndipo ndidzapita ndekha ku Mulanje kukawaperekeza kokayezetsa chimbudzi.