Kalulu ndi Buku la Ng'ona

Padangotero. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nyama za m'dambo zinapeza kuti ndalama zomwe zinasungira feteleza sizikukwananso thumba. Pachitsime, kuchigayo, ngakhale pamaliro, nkhani inali ya dola basi.

Masiku amenewo Nanzikambe anatsika mumtengo mwakachetechete, nanong'oneza Kalulu. "Achimwene, mukufera maganyu chifukwa chiyani? A Ng'ona akufuna owaitanira makasitomala. Tiyeni ndikakusonyezeni."

Ng'ona anali ndi ofesi yake padziwe, koma zikalata za bizinesiyo zinali za ku Seychelles, kutali kumene nyama yodandaula singafike ndi bwato. Anawalandira bwino, mano onse pamtunda.

"A Kalulu, malonda athu ndi a forex. Munthu amalosera kuti dola ikwera kapena itsika poyerekeza ndi yuro kapena paundi. Msika wake sugona, usana ndi usiku kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Mu 2022 unkadutsa madola 7.5 thililiyoni pa tsiku. Inu musavutike n'kulosera. Tengani linki iyi, aliyense wolowera pamenepa alembedwa pa tsamba lanu m'buku langa. Akaika ndalama, muli ndi komishoni. Akagula kapena kugulitsa, muli ndi kenakake. Akaluza, timagawana."

Kalulu anamva mawu omalizawo bwinobwino, ndipo sanafunse kanthu.

Vuto linali la omvera. Khwangwala, yemwe ankagwira ntchito yomweyi, akalira kamodzi nkhalango yonse inkatembenuka, ndipo mwa zikwizo sipankalephera kupezeka ogwa. Kalulu analengeza pamsika, analemba pa Facebook, anajambulitsa atatsamira galimoto ya eni ake. Oima kuti amve anali owerengeka, ndipo onse ankangoti "tiona" n'kumapita. Mlendo sapereka ndalama zake kwa munthu amene sakumudziwa. Kalulu ataona zimenezi anatembenukira kwa omwe ankamudziwa.

Anayamba ndi azakhali ake a Gwape, omwe anamulera mayi ake atadwala. Anawatsegulira foni, nawaonetsa timakandulo tobiriwira ndi tofiira tikuvina.

"Azakhali, mukaika madola 100, a Ng'ona akulolani kuchita malonda ngati muli ndi madola 50,000. Mtengo ukangosuntha pang'ono, mwapha makwacha."

"Nanga ukasunthira kwina, mwanawe?"

"Ndikhala ndikukuuzani nthawi yolowera."

Sanawauze kuti pa ngongole yotereyi, mtengo ukabwerera m'mbuyo ndi magawo 2 okha pa 1,000, madola 100 aja atha psiti. Atachoka apo anapita kwa alamu ake a Nungu, kenako kwa mayi Nkhanga, msungichuma wa banki mkhonde, omwe anatapa m'bokosi la gulu poganiza kuti abweza lisanafike tsiku logawana.

Agogo a Kamba okha ndiwo anapempha magalasi awo, nawerenga timalemba tating'ono ta pansi pa tsamba.

"Mdzukulu wanga, ku Ulaya anaziona kale izi. Mu 2018 bungwe lawo loyang'anira misika, la ESMA, linapeza kuti mwa anthu wamba 100 ochita malonda a mtundu umenewu, oluza amakhala pakati pa 74 ndi 89. Linalamula kuti ngongole ija isapitirire ka 30 pa ndalama zikuluzikulu, ndiponso kuti kampani iliyonse izilemba poyera kuchuluka kwa makasitomala ake oluza. Iwe ukupatsa azakhali ako ya ka 500. Kodi ndalama yako ikuchokera m'thumba la yani?"

"Agogo, ine sindikakamiza munthu," anatero Kalulu, nanyamuka tiyi asanamalize.

Mvula isanathe, azakhali anali atagulitsa chimanga cha m'nkhokwe kuti abweze zomwe zinapita, nazonso zinapita. A Nungu anasiya kulankhula ndi mkazi wawo. Mayi Nkhanga anaitanidwa kwa amfumu, ndipo gulu linawazula malata. Pa foni ya Kalulu, nambala ya komishoni inkangokwera.

Kalulu atapita kukatenga komishoniyo, Ng'ona anatsegula buku. "Timalipira akakwana makasitomala 10 oika ndalama. Inu muli ndi 9."

Wakhumi sanapezeke. M'mudzi nyama zikamuona zinkakhota njira, ndipo ana ankathamangitsidwa kulowa m'nyumba. Usiku wina Kalulu anati mumtima mwake, wakhumiyo ndikhala ine ndemwe. Anatenga katapila kwa Fisi, natsegula akaunti kudzera pa linki yake yomwe. Ankafuna kungoika ndalama kuti dzina lilembedwe, koma tsiku loyamba anayesa kamodzi, nawina. Lachiwiri anawinanso. Anayamba kudziona wochenjera kuposa abale ake onse aja. Lachitatu madzulo, msika wa ku New York uli mkati, kandulo imodzi yofiira inatsika osaima, ndipo asanamalize kutafuna nsima akaunti inali mbee.

M'mawa anathamangira kudziwe. "Bwana, takwana 10. Ndipatseni zanga, Fisi akundidikira pakhomo."

Ng'ona ananyowetsa chala, natembenuza masamba mosafulumira. "Iwe, ndime 14 ya pangano unasaina lija ikuletsa kudziitana wekha. Wophwanya ndimeyi amataya komishoni yake yonse. Komanso dzina lako silingakhale pa tsamba lako, chifukwa linalembedwa kale apa."

Kalulu anasuzumira. Pamwamba pa tsambalo panali dzina la Nanzikambe. Pansi pake panali dzina lake, ndipo pansi pa lakelo panali azakhali, alamu, mayi Nkhanga ndi ena onse aja. Pa aliyense, Nanzikambe anali atalandira kale gawo lake, ndipo pa zomwe Kalulu anataya dzulo analandira gawo lalikulu.

"Komabe ine si woipa mtima," anatero Ng'ona akutseka buku. "Ukabweretsa kasitomala mmodzi weniweni, nkhani yako tidzaionanso. Ndamva kuti mayi ako akolola soya wambiri chaka chino."

Kalulu anayang'ana njira ya kumudzi, kumene Fisi anali atakhala pa mtondo pakhomo pake. Kenako anatulutsa foni, naimba.

"Amayi, mwadzuka bwanji? Soya uja musagulitse kwa mavenda, ndikubwera ndi nkhani yabwino."