Mutu umodzi susenza denga, koma ena akuyesa

Makolo ponena kuti mutu umodzi susenza denga ankaganiza za denga la udzu, lomangira pansi, limene silikwera popanda anansi ndi kamowa. Sankadziwa kuti kudzabwera mipingo.

Akatolika a ku Vubwi mwambiwu amauvomera, kungoti mitu yawo imachokera kutali. Wansembe amamutumiza ndi Ambuye George Lungu a ku Chipata, iwowo anawasankha ndi Papa, ndipo Papa Leo XIV anapezeka mu 2025 makadinala atadzitsekera m'chipinda ku Roma. Mkhristu wa ku Vubwi gawo lake linali kuonerera utsi pa foni.

Ku Nyanje m'boma la Sinda, a Reformed Church in Zambia, amene mbewu yawo inadzalidwa ku Magwero mu 1899, anaumeza mwambiwu ndi njere zomwe. Akulu a mpingo ndi ochita kusankhidwa, nkhani ichoke ku bwalo la mpingo, ipite ku presibitale, ikafike ku sinodi. Mitu ndi yochuluka moti denga limatha kudontha mvula ziwiri anthu akali kukonza maminitsi. Ena ofuna kupemphera mwachipentekoste anatuluka mu 2001 nkuyambitsa mpingo wa BIGOCA.

Koma akatswiri ali m'makalasi obwereka pa Katete. Kumeneko munthu amagona ali mlimi wa soya, kudzuka ali mtumwi. Anamusankha ndani? Maloto. Mboni? Akazi ake, amenenso ndi msungichuma. Dengalo wasenza yekha ndithu, ngakhale ndalama za malata zimene tinasonkha chaka chatha sizikudziwika kolowera. Ukafunsa akuti uli ndi mzimu woukira, ubwere Lachisanu akupempherere.

Pa nkhani ya amayi, oumirira chilembo chilichonse cha Baibulo amati mkazi asaime paguwa. Omasuka amati aime. Mkanganowu umachitika amuna atakhala pa mipando pansi pa mtengo wa mango, amayi akutunga madzi oumbira njerwa za tchalitchi chomwecho. Chonsecho tonse ndife a Gawa Undi, ndipo timadziwa kuti pa Chichewa mfumu siilowa ufumu mbumba isanalankhule. Amayi omwe amatha kuloza mfumu ya mudzi wonse, Lamulungu akuti ayenera kungosesa ndi kuphikira abusa nkhuku. Chiwindi ndi nthutumba, abusa omwewo.